Paleta: kafosholo kamene kanasanduka mitundu



Mlungu wathawu ndinapunthwa pa mawu amodzi pamaso pa ana a kalasi yachinayi. Tinali pa phunziro la Educação Visual, ndipo pepala limene ndinali nalo m'manja linkanena kuti wojambula aliyense ali ndi paleta yake. Ndinawauza m'Chinyanja kuti paleta ndi kathabwa kamene wojambula amaikapo penti. Tinapitiriza kuwerenga, ndipo patsogolo pang'ono mtsikana wina anakweza dzanja. "Aphunzitsi, apa akuti paleta ya Malangatana ndi yotentha. Ndiye kuti kathabwako kanali pamoto?" Anzake anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma mumtima ndinadziwa kuti mwanayo wafunsa bwino ndipo ine ndayankha theka. Mawuwa ali ndi matanthauzo awiri, kathabwa ndi mitundu imene wojambula amasankha, ndipo pakati pa awiriwa pali ulendo wa zaka mazana angapo. Ndakhala madzulo angapo ndikutsata mapazi a ulendowu, ndipo ndati ndikugawireni.

Muzu wake ndi mawu a Chilatini akuti pala, ndilo fosholo, chida chophwatalala chowolera dothi. Chipwitikizi ndi mwana wa Chilatini, ndipo pakukula kwake chinali ndi chizolowezi chimodzi chimene mphunzitsi wa zinenero ziwiri ayenera kuchidziwa: l wokhala pakati pa mavawelo awiri chinkamumeza. Pala anakhala paa, kenako pá, fosholo lomwe lija amisiri omanga nyumba amaitanitsa akafuna kusakaniza simenti. Dolor anakhala dor, salire anakhala sair, ndipo color anakhala cor. Choncho mukaona paleta de cores m'buku, mukuona mawu awiri a mbiri zosiyana atakhala pa mphasa imodzi. Cor ndi mwana wobadwira pakhomo, l wake anamezedwa kalekale. Paleta wasunga l wake chifukwa ndi mlendo, anafika mochedwa kuchokera kwa anansi nthawi yomeza itapita. Pá wa "eh pá" amene anyamata athu amamukonda musamulowetse m'banja limeneli. Iyeyo ndi rapaz wodulidwa mutu.

Anansiwo ndi Ataliyana ndi Afalansa. Ataliyana amati paletta, Afalansa palette, ndipo mchira wa -etta kapena -ette umagwira ntchito imene ka- amagwira kwathu: fosholo, kafosholo. Afalansa ndi amene anapereka dzinali kwa kathabwa ka wojambula, poona kuti n'kophwatalala ndipo kamanyamulidwa m'dzanja, ndipo Angerezi analibwereka kwa iwo cha m'ma 1620. Chosangalatsa n'chakuti Ataliyana eni ake, amene dziko lawo linabala ojambula ochuluka chotere, kathabwako sakatcha paletta. Kwa iwo paletta ndi kafosholo kowolera zinyalala kapena phulusa, pamene ka wojambula ndi tavolozza, kuchokera ku tavola, thabwa. Ndiye pamene ndinati "kathabwa" m'kalasi muja ndinalankhula ngati Mtaliyana osadziwa. Palete, mathabwa okhomedwa pamodzi amene matumba a simenti ndi a feteleza amasanjidwapo, ndi m'bale weniweni wa paleta. Koma palheta, kanthu koimbira gitala, ndi wa fuko lina. Iyeyo akuchokera ku palha, udzu wouma.

Chinthucho n'chakale kwambiri kuposa dzina lake, ndipo mbiri yake ikuyambira ku Africa kuno. M'phanga la Blombos, m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa South Africa, ofukula zakale anapeza zigoba ziwiri za nkhono za m'nyanja zili ndi dothi lofiira loperedwa, losakanizidwa ndi makala ndi mafupa osinja, miyala yoperera ili pomwepo. Analengeza zimenezi mu 2011, ndipo zaka za zigobazo ndi pafupifupi 100,000. Ku Twin Rivers, pafupi ndi Lusaka, kunapezeka timiyala ta utoto wa mitundu ingapo ta zaka zoposa 200,000. Ku Egypt, mlembi aliyense anali ndi kathabwa kakatali kokhala ndi timaenje tiwiri, kena ka inki yakuda, kena ka yofiira, ndi mpata wosungira mabango olembera. Kathabwako kanali kodziwika kotero kuti chithunzi chake ndicho chinakhala chizindikiro cha mawu akuti "kulemba" m'malembedwe awo. Yakuda inali ya nkhani, yofiira ya mitu ndi mawu ofunika. Aroma nawonso ankalemba mitu ya malamulo ndi dothi lofiira limene ankalitcha rubrica. Inu amene mumaika rubrica yanu m'buku la ponto m'mawa uliwonse, dziwani kuti mawuwo poyamba ankatanthauza katondo.

Mwala wotchuka wa Mfumu Narmer, wa zaka pafupifupi 3,100 Khristu asanabadwe, umene unafukulidwa mu 1898 ndipo ukusungidwa ku Cairo, nawonso mabuku amautcha paleta chifukwa uli ndi kadzenje koperera utoto wopaka m'maso. Dzinalo anaupatsa ndi ofukula a ku Ulaya. Eni mwalawo sanalimvepo.

Nalo tanthauzo lachiwiri, la mitundu yosankhidwa, linalipo m'mitu ya anthu mawu ake asanabadwe. Pliny, Mroma amene anafa mu chaka cha 79 phiri la Vesuvius litaphulika, analemba kuti Apelles, wojambula wa Alexander Wamkulu, ankagwira ntchito ndi mitundu inayi yokha: woyera, wachikasu, wofiira ndi wakuda. Anadandaulanso kuti m'masiku ake, utoto wodula ukubwera mpaka kuchokera ku India, zojambula zapamwamba ngati zakalezo kunalibenso. Ndi dandaulo la nkhalamba za m'badwo uliwonse, ndipo sitingathe kuliyesa chifukwa palibe chojambula cha Apelles ngakhale chimodzi chimene chinatsala. Koma mitundu inayi ija muisunge, tikumana nayo ku Dedza.

Kathabwa kokhala ndi bowo la chala chachikulu, kamene ana amakaona m'zithunzi, kanabwera chifukwa cha mafuta. Ojambula a ku Ulaya a zaka za m'ma 1300 ankasungunula utoto wawo ndi chapakati pa dzira chachikasu chija. Penti wa dzira amauma msanga, choncho mtundu uliwonse unkakonzedwa pawokha n'kusungidwa m'kachigoba kapena m'kambale kake, ndipo wojambula ankaupaka mwachangu, timizere ting'onoting'ono. Cennino Cennini, amene analemba buku la malangizo a lusoli cha m'ma 1400, akufotokoza ntchito yopera utoto pa mwala kwa maola ambiri, ntchito imene inkagwera anyamata ophunzira. Amene munaperapo mawere pa mphero mukuiona bwino ntchitoyo, ndi msana wake womwe. M'zaka za m'ma 1400 ojambula a ku Flanders, wotchuka mwa iwo Jan van Eyck amene anamwalira mu 1441, anakometsa luso losungunula utoto ndi mafuta a linhaça. Penti wa mafuta amatenga masiku kuti aume. Tsopano munthu akanatha kuika timilu ta mitundu yonse pa thabwa limodzi m'mawa, n'kumasakaniza pang'onopang'ono mpaka madzulo. Mu 1548 mtsikana wa zaka 20 wa ku Antwerp, Catharina van Hemessen, anadzijambula yekha atakhala pa ntchito, kathabwa ndi maburashi zili m'dzanja lamanzere. Mu 1656 Velázquez anadziika m'chojambula chake cha Las Meninas, m'chipinda cha banja la mfumu ya Spain, kathabwa kali m'manja. Kanali katasanduka chizindikiro cha ntchitoyo, monga khasu kwa mlimi.

Zimene zinkakhala pa kathabwako sizinkadalira mtima wa wojambula yekha. Zinkadalira thumba la womulemba ntchito ndi njira za amalonda. Nkhani ya buluu ndiyo imaonetsa bwino zimenezi, ndipo ikutikhudza ife a m'dziko lino m'njira imene sindinkayembekeza. Buluu wokongola koposa ankachokera ku mwala wa lápis-lazúli, wokumbidwa m'mapiri a Badakhshan ku Afghanistan. Mwalawo unkayenda pa ngamira ndi pa zombo mpaka ku Venice, n'kusinjidwa, n'kukandidwa ndi phula ndi utomoni kuti buluu weniweni atuluke, ndipo pa mwala wambiri pankatuluka utoto wochepa. Mtengo wake unkapikisana ndi wa golide. Mapangano a ntchito ankachita kulemba kuchuluka kwa buluu ameneyu ndi malo opakapo, ndipo kawirikawiri malowo anali chovala cha Maria. Dzina lake linali ultramarinus, "wa kutsidya kwa nyanja". Akuluakulu amene anaphunzira nthawi ya atsamunda akumbukira kuti kuyambira 1951 Mozambique ankatchedwa província ultramarina. Ndi mawu omwewo: kwa munthu woima ku Lisboa kapena ku Venice, chilichonse cha tsidya lina la madzi, mwala kapena dziko ndi anthu ake, chinali ultramar. Mawu akuti azul nawonso anayenda njira yomweyo. Akuchokera ku dzina la mwalawo m'Chiperisiya, kudzera m'Chiarabu.

Wofiira anali ndi maulendo ake. Aspanya atafika ku Mexico anapeza anthu akuweta tizilombo ta cochonilha pa zomera zaminga, timene tikauma n'kusinjidwa timatulutsa utoto wofiira kwambiri, ndipo malonda ake anakhala aakulu zedi. Apwitikizi anapeza mtengo wa utoto wofiira kugombe la South America, pau-brasil, ndipo mtengowo ndi umene unapatsa Brasil dzina.

Kenako makemisiti analowerera. Cha m'ma 1706 munthu wina wopanga utoto ku Berlin, dzina lake Diesbach, akufuna kupanga wofiira anatulukira mwangozi buluu wotchipa amene lero amatchedwa azul da Prússia. Mu 1828 Jean-Baptiste Guimet wa ku France analandira mphotho ya mafranki 6,000 atapeza njira yopangira ultramarino m'ng'anjo, popanda mwala wa ku Afghanistan. Mtengo unagwa mpaka utoto wa chovala cha Maria unafika m'mabeseni ochapira: buluu amene agogo athu ankaviikamo malaya oyera kuti awale ndi yemweyu. Mu 1856 mnyamata wa zaka 18 ku London, William Perkin, akuyesa kupanga kwinini wa malungo analephera, koma m'botolo mwake munatsala utoto wapepo umene unatsegula njira ya utoto wa m'mafakitale, womwe lero uli pa kapulana iliyonse pamsika. Ndipo mu 1841 wojambula wa ku America wokhala ku London, John Goffe Rand, analembetsa luso la kachubu ka chitsulo chofewa, kofinya ngati ka mankhwala otsukira mano. Izi zisanachitike penti wokonzeka ankasungidwa m'chikhodzodzo cha nkhumba, chimene unkachiboola ndi kamsomali ndipo nthawi zina chinkaphulikira m'thumba. Ndi kachubu, wojambula akanatha kunyamula mitundu yake kupita nayo kumunda kapena kumtsinje, monga anachitira Monet ndi anzake.

Mabuku a mbiri ya mawu a Chingerezi amaika tanthauzo lachiwiri lija, la mitundu imene wojambula wina amagwiritsa ntchito, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ine ndikuona kuti nthawiyo sinangochitika mwamwayi. Pamene buluu anali wodula ngati golide, kusowa kwake m'chojambula kunkangoonetsa kuti ndalama zinachepa. Pamene aliyense akanatha kugula mitundu makumi angapo m'sitolo, kusowa kwa buluu kunayamba kuonetsa kuti munthuyo wasankha kumusiya, ndipo chosankha chimafuna dzina. Anthu anatenga dzina la kathabwa n'kulipereka kwa zimene zili pamwamba pake. Picasso, mnzake Carles Casagemas atadzipha mu 1901, anajambula pafupifupi ndi buluu yekhayekha mpaka 1904: osauka, akhungu, amayi owerama. Anders Zorn wa ku Sweden amakumbukiridwa chifukwa chotulutsa khungu la munthu, madzi ndi mdima kuchokera ku mitundu inayi, woyera, wachikasu, wofiira ndi wakuda, yomwe ija ya Apelles.

Apa ndi pamene yankho la mwana uja lili. Malangatana Valente Ngwenya anabadwira ku Matalana, m'boma la Marracuene, mu 1936, anaonetsa zojambula zake payekha koyamba mu 1961, anatsekeredwa ndi PIDE kwa miyezi 18 kuyambira 1964, ndipo anamwalira ku Matosinhos, Portugal, mu 2011. Amene munaonapo ntchito zake, kaya pa makoma a ku Maputo kaya m'mabuku a sukulu, mukudziwa nkhope zothithikana, maso otong'oka, mano ndi zikhadabo, ndi kufiira kumene kumadzaza zambiri mwa izo. Akati paleta yake ndi yotentha akunena kuti ankatsamira ku mitundu ya moto, magazi ndi dzuwa lolowa. Yozizira ndi ya madzi, mtambo ndi msipu. Kathabwa sikalinso m'nkhaniyi. Munthu akhoza kujambula ndi chala pa khoma, wopanda kathabwa n'komwe, n'kukhalabe ndi paleta yake.

Masiku ano mawuwa asamukira mu kompyuta ndi mu foni. Zithunzi za mtundu wa GIF, zimene zinayamba mu 1987, zimasankha mitundu yosapitirira 256, ndipo mndandanda wa mitunduyo amautcha paleta. Sikirini wamba amasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, kulikonse pa masitepe 256, ndipo mukachulukitsa 256 katatu mupeza 16,777,216. Ogulitsa zodzoladzola, osoka zovala ngakhale oimba nawonso analanda mawuwa.

Tibwere kwathu tsopano, chifukwa apa ndi pamene pali chilonda. Ndamvapo kangapo m'maphunziro a aphunzitsi, ndipo nthawi zina kuchokera pakamwa pa munthu woyamwa Chinyanja, kuti chinenero chathu n'chosauka pa mitundu, chili ndi itatu yokha: kuyera, kuda ndi kufiira. N'zoona kuti atatuwa ndiwo mizati, ndipo ndi aneni, osati mayina: chinthu chimayera, chimada, chimafiira, monga momwe chimapsera kapena kuuma. Mu 1969 akatswiri awiri a ku America, Brent Berlin ndi Paul Kay, anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti zinenero zokhala ndi mawu atatu oyambira a mitundu zimakhala ndi atatu omwewa. Victor Turner, amene anakhala pakati pa Andembu ku Zambia m'ma 1950, analemba za momwe woyera, wofiira ndi wakuda amanyamulira miyambo yawo. Cholakwika chimabwera pamene wina awerenga zimenezi ngati makwerero, ife pansi, Azungu pamwamba. Cholakwikachi n'chakale ndipo chinagwerapo Agiriki: mu 1858 William Gladstone, amene pambuyo pake anakhala nduna yaikulu ya Britain, ataona kuti Homer alibe mawu enieni a buluu, anaganiza kuti Agiriki akale sankaona bwino mitundu. Maso awo analibe vuto, ndipo a agogo athu analibenso.

Tangoonani momwe Chipwitikizi chinapezera mitundu yake. Laranja ndi chipatso. Rosa ndi violeta ndi maluwa. Castanho akuchokera ku castanha, cinzento ku cinza, phulusa. Vermelho akuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza kanyongolotsi, chifukwa cha kachilombo kotulutsa utoto wofiira. Azul ndi wobwereka, branco nayenso ndi wobwereka kwa mafuko a Chijeremani. Njira ndi ziwiri, kuloza chinthu kapena kubwereka, ndipo ife timayenda zonse ziwiri: wachikasu kuchokera ku chikasu, wamtambo, waphulusa, wakhofi, ndi buluu, pinki, pepo amene tinatenga ku Chingerezi. Tili ndi kubiriwira ndi kutuwa. Tili ndi kufiirira kwa chinthu chimene sichinafike pofiira kwenikweni. Ndipo tili ndi chida chimene Chipwitikizi chimachisowa: kuyera mbee, kuda bii, kufiira psuu, kubiriwira biriwiri, kutuwa mbuu. Mwana amene akuti thambo lada bii wanena ndi mphamvu ya mtunduwo yomwe, chinthu chimene m'Chipwitikizi chingafune mawu owonjezera. Pa mawangamawanga a nkhanga, mathothomathotho ndi mizeremizere, ndife olemera kuposa buku. Yesani ndi mbendera ya dziko lathu: wobiriwira, wakuda, wachikasu, woyera, wofiira. Isanu yonse mwana wa kalasi yoyamba aitchula m'chinenero cha amake osabwereka ngakhale umodzi.

Vuto lathu lenileni lili pena, pa mawu akuti mtundu. Mtundu ndi cor, ndi tipo, ndi tribo, ndi nação. "Malangatana ankakonda mitundu itatu" angamveke ngati nkhani ya mafuko. M'kulankhula sitisokonezeka chifukwa chinthucho chili pamaso pathu, koma m'buku ndi pa mayeso tiyenera kumanena kuti mitundu ya utoto, kufikira nkhani itakhazikika.

Nanga paleta ya makolo athu inali yotani? Amene muli ku Angónia simuyenera kupita kutali. Mukadutsa malire pa Calómuè kulowa Dedza mwayandikira mapiri a Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zakale kwambiri ndi zofiira, mizere, timabwalo ndi madontho, ndipo zimanenedwa kuti ndi za alenje amene makolo ankawatcha Akafula kapena Abatwa. Zapambuyo pake ndi zoyera, zopakidwa ndi chala ndi dothi loyera, za Achewa olima, zokhudza chinamwali ndi nyau, ndipo zina zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 zomwezi. Tanthauzo lake ndi la eni dambwe ndi anamkungwi, ine sindilowako. Chimene ndikufuna muone n'chakuti wofufuza akaima pa thanthwe limodzi amasiyanitsa anthu awiri ndi nyengo ziwiri poyang'ana utoto umene anasankha, ndipo ntchito ya mawu akuti paleta ndi imeneyo ndendende. Mayi amene amazira nyumba ndi mtsiro, n'kudula mzere wa katondo m'munsi mwa khoma, pamwamba n'kupaka njereza, nayenso ali ndi yake, ndipo anansi amaizindikira ali patali. Katondo, dothi loyera, dothi lachikasu, makala ndi mwaye: Pliny akanafika pakhomo pamenepo akanawerenga mitundu ya Apelles.

Ndiye tinene chiyani m'kalasi? Chinyanja chinalowa m'sukulu za boma m'chigawo cha Tete ndi pulojekiti ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo maphunziro a zinenero ziwiri anakhazikitsidwa m'dziko muno mu 2003. Kuyambira pamenepo mphunzitsi aliyense wakhala akupanga mawu ali chiimire, choko chili m'manja, ndipo mawu amene timasankha mwachangu ana amawanyamula moyo wawo wonse. Njira yapafupi ndi kubwereka. Paleta amakhala bwino pa lilime lathu, pa-le-ta, safuna kumusula ngati momwe tinasulira fosholo kapena sukulu, ndipo mwana adzakumana naye pa mayeso a Chipwitikizi. Sindikutsutsa zimenezo. Koma kubwereka kokha ndi kumene kunandigwetsa, chifukwa mwana analandira dzina la kathabwa osalandira ulendo umene dzinalo linayenda.

Ine ndasankha kuyamba ndi phale. Phale la mphika wosweka, lokazingira mtedza, lopalira moto, losakaniziramo mankhwala. Ndichenjeze msanga: phale ndi paleta si pachibale, kufanana kwa mamvekedwe n'kwangozi chabe, ndipo tisauze ana kuti Azungu anaba mawuwa kwa ife. Koma pa ntchito, phale ndi m'bale wa zigoba za ku Blombos kuposa kathabwa ka Velázquez, ndipo mwana aliyense wa kumudzi analigwirapo. Kuti dzina la chinthu linyamule tanthauzo lalikulu kuposa chinthucho si zachilendo kwathu. Tikati awiri akulimbirana mpando palibe amene amaganiza za kalipentala. Tikati uje ali ndi pakamwa sitikuwerenga ziwalo zake. Mwana amene amamva zimenezi amva msanga kuti "phale la Malangatana linali la moto ndi magazi" si nkhani ya mbiya yosweka, ndipo akadzamva paleta quente m'Chipwitikizi adzakhala atawoloka kale mtsinjewo m'chinenero chake. Ena a inu, makamaka a kunyanja ku Metangula ndi Cóbuè, mwina mukonda chigoba m'malo mwa phale, ndipo sindingakane. Polemba mayeso ndikuganiza kuti "kasankhidwe ka mitundu ya utoto" ndi mawu osasokoneza, ngakhale ndi aatali.

Lachisanu ndinauza ana kuti aliyense abwere ndi phale ndi chinthu chimodzi chotulutsa utoto. Anabwera ndi katondo, mtsiro, makala, mwaye wa kukhitchini, phulusa, chikasu, masamba a maungu osinja, ndipo wina anabweretsa utomoni wofiira wa mlombwa m'kabotolo. Tinasakaniza ndi madzi ndi phala pang'ono la ufa wa chinangwa kuti ugwire pa makatoni. Gulu lililonse linasankha mitundu itatu yokha, ndipo titapachika zojambulazo ana ankatha kuloza gulu limene lajambula osaona mayina. Mtsikana uja anati phale la gulu lake ndi lotentha, la anyamata a kumbuyo ndi lozizira chifukwa anachulutsa masamba ndi phulusa.

Buluu yekha ndiye anasowa. Tinayesa maluwa awiri atatu, onse anatuwa atauma. Lolemba mnyamata wina anatulutsa m'thumba kachidutswa ka buluu wochapira, atakakulunga m'pepala, akuti agogo ake anakasunga m'sutikesi ndipo amupatsa pa pangano lakuti abweze kotsala. Tinapala pang'ono ndi mpeni, magulu onse asanu anagawana, ndipo kotsalako ndinakakulunganso ndekha.